Chipanda Chimene Chinagwetsa Sagwa

M'midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi, ukafunsa za Eneya anthu ankayamba kukanda m'mutu, koma ukangoti Sagwa aliyense ankakulozera nyumba. Dzinali analipata pamowa. Anzake ankamwa n'kugwera m'mizere ya nandolo, ena n'kumalira maliro a anthu amoyo, koma Eneya ankapukuta mtsuko, n'kudzuka, n'kusasa fumbi kumbuyo, n'kuyenda bwinobwino mpaka kunyumba. Luso lina analibe. Denga lake linkadontha, munda wake unkadziwika ndi nsongole, ndipo m'mawa manja ankanjenjemera mpaka atalawako kena kake. Koma kugwa sanagwepo, ndipo dzinalo ankalinyadira kuposa mmene ena amanyadira mbuzi za m'khola.

Anali mkamwini kwawo kwa mkazi wake Rozaria, mayi wodziwa kufulula masese kuposa wina aliyense kumeneko. Kaya ndani anaganiza zopereka mmisiri wa mowa kwa chidakwa, koma zinatero. Rozaria ankamukonda mwamuna wakeyo, ngakhale kuti chikondi chake chinkatulukira pakamwa ngati tsabola. Tsiku lina, anthu akumva, anamuuza kuti, "Mowa umenewu udzakugonekani pansi, ndipo ine sindidzalira." Anali mawu wamba a mkwiyo wa m'banja. Koma Lekani, mlongo wake wamkulu wa Eneya, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje, anawamva n'kuwasunga. Lekani mawu ankawasunga ngati mbewu.

Kenaka kunadza chaka cha 1949. Mvula inagwa pang'ono n'kudula, chimanga n'kuuma chisanamasule. Chakudza sichiimba ng'oma. Nkhokwe zitayera, amuna anabalalika, ena ku Limbe, ena kuminda ya tiyi kuseri kwa phiri la Mulanje. Eneya anatsata anzake amene ankapita kunyanja ya Chilwa, kudzera kwa Chiwalo, kukagwira nsomba.

Kunyanjako chakudya chinalipo, koma cha mtundu umodzi. M'mawa mlamba wowotcha, madzulo mlamba wophika, pena matemba, pena mbalame za m'bango ndi mazira ake. Ufa unkabwera apo ndi apo ndi Wahabu, wamalonda wa njinga amene ankasinthanitsa ufa wa chinangwa ndi nsomba zouma. Apa tiyenera kumunenera chilungamo Eneya: gawo lake la ufa sanalikhudzepo. Ankamuuza Wahabu kuti akalitule kwa Rozaria ndi ana, poti njira yake inkadutsa konko. Iye anatsala ndi nsomba ndi mafuta ake basi, mwezi ndi mwezi.

Masiku oyamba anaona ngati afa. Mutu unkang'amba, mawondo ankagwedera, thukuta linkatuluka ngakhale kukuzizira, ndipo sankadziwa ngati thupi likulirira nsima kapena mowa. Kenaka, popanda mankhwala kapena pemphero, zinthu zinangotembenuka. Njala inaleka kuluma. M'mutu munayera ngati kumwamba mvula itakata. M'mawa wina anadzidzimuka ataona kuti wamanga mbedza pachingwe kamodzin'kamodzi, manja ali zii. Ludzu la mowa, limene linkamudzutsa ndi kumugoneka kwa zaka zambiri, linachoka osatsanzika. Chodandaulitsa chinali chimodzi chokha, ndipo amene anachinena anali Wahabu.

"Akulu, musandiyandikire kwambiri. M'kamwa mwanumu mukumveka masuku owola. Mukuwatola kuti masuku pakati pa madzi pano?"

Panali chinanso chimene Eneya sanauze munthu. Asodzi ena ochokera mbali ya kwa Apwitikizi anabwera ndi kachasu, ndipo pomva kuti pali Sagwa anamuthirira pang'ono m'kachitini. Iye sankamufuna n'komwe, koma dzina ndi dzina. Anameza. Posakhalitsa bango linayamba kuyenda lokha. Ananamizira kukaona miono, n'kukabisala m'bwato chagada mpaka dziko litaima. Anadziuza kuti anali malungo.

Mvula ya chaka chotsatira inagwa bwino, ndipo mapira atacha Wahabu anabwera ndi uthenga wakuti Rozaria wafulula mowa, woyamba chiyambire njala. Eneya anamanga mtolo wa milamba youma n'kunyamuka m'bandakucha. Panjira anangotafuna mutu wa mlamba. Anafika dzuwa lili paliwombo, ali mbuu ndi fumbi, wowonda ngati mpini koma akuyenda mwamphamvu.

Anthu anali atasonkhana kale patsinde pa mango a a Fraser, amalume ake a Rozaria, amenenso anali ankhoswe a banjalo. Lekani analipo ndi mwamuna wake Davison. Tsono kumeneko mowa uli ndi lamulo lake, ndipo ngakhale mwana amalidziwa. Mwini mowa amatunga chipanda choyamba n'kumwa yekha anthu akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa. Akatero m'pamene chipanda chimayamba kuyenda. Rozaria anali atatunga, chipanda chili m'manja, pamene anaona munthu akutulukira m'mapira ndi mtolo pamutu. Anamuzindikira ndi kayendedwe. Chimwemwe chinamusokoneza. Anathamanga mowa ukutayikira m'mikono, anagwada pamaso pa mwamuna wake, n'kumupatsa chipanda chija osalawa.

Anthu anaombera m'manja. "Sagwa wabwera! Otheka wapeza mwini wake!" anafuula mkulu wina, kutchula mowa m'Chilomwe cha makolo ake.

Eneya analandira. Fungo la masese silinamukoke ngati kale, koma maso onse anali pa iye. Anamwa monga ankamwera, osapumira, mpaka chipanda chinaloza kumwamba. Anakhala pampando n'kuyamba kupereka moni. Asanamalize kufunsa za amene anapulumuka ndi amene anapita, lilime linalemera. Anafuna kuimirira kuti akamasule mtolo, koma miyendo inali ya munthu wina. Anagwa chafufumimba, nasanza, ndipo sanadziwenso kanthu.

Anatsitsimuka m'mawa mwake pakhonde la a Fraser, Lekani atakhala pambali pake ngati nkhuku yofungatira. Anali atakana kuti mlongo wake alowetsedwe m'nyumba ya Rozaria.

"Musalankhule, achimwene. Mwapulumuka. Mkazi uja anathira."

"Anathira chiyani?"

"Inu mukufunsa ine? Chipanda sanalawe, tonse tinaona. Munthu wa mitsuko n'kugwa ndi chipanda chimodzi? Ndipo m'kamwa mwanumo mukutuluka fungo lachilendo, ndawaitana a Fraser adzanunkhize okha. Paja ananeneratu kuti adzakugonekani pansi ndipo sadzalira. Ine sindinaiwale."

Anamufotokozera kuti Rozaria, ataona anthu akutaya zipanda, anatunga mumtsuko momwemo n'kumwa pamaso pa onse. Koma zimenezo Lekani sanazisamale. Anati mankhwala sanali mumtsuko, anali opaka m'chipanda cha mwamuna yekhayo. Mowa wonse unatsala osakhudzidwa. Ndipo chakudya cha m'mudzimo Lekani anachiletsa. Anamuwotchera milamba ya mumtolo wake womwe uja, poti yokhayo ndiyo inali isanadutse m'manja mwa mlamu wake.

Eneya anagona n'kumamvetsera thupi lake. Mutu unkagunda, kukhosi kunali gwa, maso ankadana ndi kuwala. Matenda amenewa ankawadziwa bwino, ngakhale kuti ankawaonera pa anzake. Anali matsire. Anakumbukanso kachitini ka kachasu ndi bango loyenda lija, ndipo mumtima anadziwa kuti Rozaria sanathire kalikonse.

Koma amuna anayamba kubwera kudzamuzonda, ndipo aliyense ankanena zofanana. "Ife tinadziwiratu. Sagwa sangagwe ndi mowa. Chinakugwetsani n'china." Mawuwa ankatsekemera, tisanamizane. Munthu amene ali ndi chinthu chimodzi chokha padziko sachitaya msanga. Eneya ankangogwedeza mutu mofooka ngati wodwaladi, osavomera, osakana.

Chakumasana Rozaria anabwera. Sanakwere pakhonde. Anaima pabwalo, mikono atapinda kumbuyo, maso ali otupa. M'mawa umenewo atapita kuchitsime, amayi anzake anasuntha mitsuko yawo kuti isagundane ndi wake.

"Bambo a Belita," anatero motsitsa, "za anthu ndazimva. Ndikufuna ndimve zanu. Kodi inunso mukuti ndinathira?"

Lekani anatsonya. Eneya anayang'ana nyerere zimene zinkakoka munga wa nsomba pansi. Anafuna kuti ayankhe, koma pafupi panali amuna awiri amene anali atangomaliza kumutamanda.

Rozaria anadikira pang'ono. "Chabwino," anatero, n'kutembenuka.

Sanatukwane, ndipo zimenezo n'zomwe zinamupweteka Eneya. Mkazi wa pakamwa pa tsabola uja anachoka ngati mlendo wosochera. Eneya anamuona akulowa m'nyumba yodontha ija, imene tsopano inali yofolera bwino, ndipo anadziwa kuti udzuwo anamweta ndi kufolera ndani m'chaka cha njala. Manyazi anamugwira kuposa matsire.

Tsiku lotsatira a Fraser anaitanitsa mbali zonse patsinde pa mango paja. Anali munthu wofatsa, wosakonda milandu, ndipo nkhaniyi inkawalemera chifukwa woimbidwa mlandu anali mwana wa mlongo wawo. Anthu anadzaza, poti nkhani ya chiphe siisowa omvera. Rozaria anakhala pamphasa yekha. Mtsuko wake unali pomwe unasiyidwa, wovundikira ndi lichero.

Lekani sanazungulire. "Ife sitikufuna mbuzi kapena nkhuku. Tikutenga munthu wathu akadali moyo. Banja lithe lero. Ndipo ena onse amene mumamwa za m'manja mwa mayiyu, mwaona nokha."

Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Mwamuna akanapita kwawo n'kukapeza mkazi wina mvula isanagwe. Koma Rozaria akanatsala pamudzi pomwepo ndi dzina la wothira, ndipo dzina lotero silichoka ndi sopo. Palibe akanamwanso mowa wake kapena kulandira mbale ya ndiwo yochokera kwa iye, ndipo tsiku lina ana ake aakazi akanavutika kupeza mabanja.

A Fraser anatembenukira kwa Eneya. "Mkamwini, thupi ndi lanu. Tiuzeni."

Eneya anaimirira. Anali asanalankhulepo pagulu wosamwa, ndipo anadabwa kuti mawu akubwera mwadongosolo. Anafotokoza za kunyanja, za miyezi yopanda nsima, za manja amene analeka kunjenjemera. Za fungo la m'kamwa anati akafunse Wahabu, amene analidandaula kalekale Rozaria ali kutali. Kenaka ananena za kachitini ka kachasu.

"Chimene chinachitika m'thupi mwangamu sindichidziwa. Kaya nsima ndiyo inkaugwira mowa kuti usakwere msanga kumutu, kaya mutu wangawu unazolowera zina. Koma amene anapita kunyanja ndi wina, amene wabwera ndi wina. Dzana ndinaledzera basi."

Panamveka kung'ung'udza. Amuna ena anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala. Lekani anawomba m'manja kamodzi.

"Mwamva? Anamudyetsanso za chikondi. Munthu akufa n'kumaikira kumbuyo womupha! Achimwene, khalani pansi, si inu amene mukulankhula."

Mitu yambiri inagwedezeka kuvomereza. Anthu ankakhulupirira Sagwa kuposa mmene ankakhulupirira Eneya, ndipo iye anaona kuti pakamwa pokha sipakwanira. Anayang'ana Rozaria, amene sanadzutse mutu. Kenaka anafunsa mlongo wake.

"Achemwali, paja nanunso mwafulula?"

"Ee, ndafulula. Wanga wapsa lero. Ndiye?"

"Alamu a Davison akatunge. Abwere ndi chipanda chanu chomwe, chisadutse m'manja mwa munthu wa mudzi uno. Mulawe inuyo monga mwa mwambo, ine ndimwe. Ndikaima, nditengeni tizipita. Ndikagwa, ndiye kuti nanunso mwathira."

Lekani anaseka. Mlongo wakeyo ankamudziwa kuyambira ali kumsana, ndipo mowa wake anali ataumwapo mitsuko yosawerengeka. "Pitani mukatunge," anauza mwamuna wake. "Mudzaze."

Kutsidya sikunali kutali, komabe kudikirako kunatalika. Anthu anayamba kukamba za mapira ndi za mbalame zimene zikuwononga.  Eneya akanatha kunamizira kugwa, koma anthu a pamowa sanamizidwa ndi kuledzera kwabodza, ndipo iye ankadziwa kuti sipafunika kunamizira. Ankachita mantha. Sankaopa kupweteka, ankaopa kuseka kwa anthu amene kwa zaka zonsezi ankamupatsa malo akafika.

Davison anafika ndi kamtsuko paphewa. Lekani anatunga, anamwa kwambiri kuti aliyense aone, napukuta pakamwa ndi nsalu. Anadzazanso chipanda mpaka m'milomo n'kupereka ndi manja awiri. Mowawo unali wabwino, ngakhale sunkafika pa wa Rozaria. Eneya anaumwa wonse, n'kutembenuza chipanda kuti aone kuti simunatsale kanthu.

Kwa kanthawi sipanachitike chilichonse. Lekani anayamba kumanga nsalu yake m'chiuno ngati munthu wokonzeka ulendo. Amuna aja ankagwedezerana mitu. Eneya anamva kutentha kukuyamba m'mimba, kukwera pachifuwa, kufika kuseri kwa maso. Masamba a mango anayamba kuchuluka.

"Imirirani, mkamwini," anatero a Fraser. "Yendani mukagwire nkhokwe iyo."

Nkhokweyo inali pafupi, moti mwana wokwawa akanafikapo. Eneya anadzuka bwino ndithu, mwa chizolowezi, n'kusasa fumbi kumbuyo. Anaponya phazi, naponyanso lina. Kenaka nkhokwe inasunthira kumanzere, iye n'kuitsatira, koma inabwereranso kumanja. Anayesetsa ndi mtima wonse kuti aime, ndipo aliyense anaona kuti akuyesetsa, thukuta lili kamukamu, manja akupalasa mphepo. Mawondo anapinda. Anakhala pansi mwamphamvu, n'kugwera chammbali, tsaya lili m'fumbi.

 Kenaka mayi wina analephera kudzigwira, ndipo kuseka kunabuka bwalo lonse. Ankaseka amuna omwe aja amene dzulo ankalumbira kuti Sagwa sangagwe. Wina anafuula kuti, "Chipanda chimodzi! Ngakhale agogo anga amafika ziwiri!" Wina anayesa kale dzina latsopano, ndipo linalandiridwa ndi nthungululu.

Eneya ankamva zonse ngati zikuchokera kutsidya kwa mtsinje. Zinamuwawa monga ankayembekezera. Koma pakati pa phokosolo anamvanso a Fraser akufunsa mofatsa, "Mayi Lekani, tsono titi mwathira chiyani?" 

Manja ena anamutukula mutu n'kumupukuta fumbi kutsaya. Anawadziwa ndi kukhakhala kwake. Rozaria ankalira poyera, misozi ikugwera pamphumi pa mwamuna wake, uku akumukalipira. "Chitsiru cha munthu. Simukanangomwa theka?"

Eneya anafuna kupepesa za dzulo, koma lilime linakana. Anangogwira nsonga ya nsalu yake.

Lekani anaima pamwamba pawo kwa nthawi, manja ali m'chiuno. Kupepesa sankakudziwa, ndipo tsiku limenelo sanakuphunzire. Anawerama n'kugwira mlongo wake m'akakolo.

"Alamu," anatero osamuyang'ana Rozaria, "gwirani kumutuko. Tikamugoneke m'nyumba mwake, dzuwali limupweteka. Ndipo akadzuka mumuphikire phala, munthuyu watha."